Dayisi yagwera kunsi kwa mpando: iwerengedwe kapena tiponyenso?

Amene anakhalapo pa ludo mpaka usiku akudziwa kumene mkangano umayambira. Umayambira pa kanthu kakang'ono kaja ka mbali 6, kamene kamapulumuka m'dzanja n'kugubudukira kunsi kwa mpando, mwini wake n'kukuwa ali chigwadire kuti "Sikisi!" ena onse asanaone kanthu. Ndinaonapo anthu apachibale akukagona osatsanzikana chifukwa cha zimenezi, ndipo zinandiwawa, poti tinakhala pansi kuti tisangalale. Mafunso otsatirawa amabwerabwera paliponse pamene anthu amaponya dayisi, kaya ndi pa ludo, pa njoka ndi makwerero, pa Monopoly, pa backgammon kapena pa Dungeons & Dragons.

Kuponya dayisi n'kuponya basi. Malamulo alowapo bwanji?

Alowapo chifukwa dayisi ndiye woweruza. Pa bawo kapena pa tchesi zonse zimachokera m'mutu mwa wosewera, ndipo ukaluza umadziwa kuti mnzako wakuposa kuwerenga. Pa ludo n'zosiyana. Tonse tinavomera kupereka mbali ina ya masewera kwa chinthu chimene chilibe mbale, sichidziwa mlamu, sichiopa malume. Kukoma kwake kwagona pamenepo, chifukwa mwana wa Sitandade 2 akhoza kudya agogo ake popanda wonena kuti wachita mwano. Tsono munthu akangopeza mpata wosankha kuti kuponya uku kuwerengedwe, uku kusawerengedwe, iye ataona kale nambala, ndiye kuti woweruza uja wamuchotsa pampando n'kukhalapo yekha.

Kapepala ka malamulo kamene kamabwera m'bokosi nthawi zambiri kamangoti ponyani dayisi, yendani. Sikanena za mphasa yokhala ndi mipata, za mbale ya mtedza imene ili pambali, za mphaka amene wadutsa. Mipata imeneyi nyumba iliyonse imatseka ndi malamulo akeake, ndipo malamulowo akhoza kusiyana khomo ndi khomo popanda vuto. Chimene sindilola n'chimodzi chokha: kupanga lamulo dayisi itaima kale. Lamulo lililonse limene mwagwirizana dayisi isanachoke m'dzanja ndi lachilungamo, chifukwa palibe akudziwa amene lidzamukomere. Limene labadwa nambala itaoneka, ngakhale likhale lomveka chotani, lili ndi mwini wake.

Nanga ikagwa patebulo n'kukaima pansi?

Mwa masamu palibe kusiyana. Dayisi imene yaima pasimenti ili ndi mwayi womwewo woonetsa 6 ngati imene yaima pabolodi. Choncho nyumba imene imati "paliponse pamene yaima, iwerengedwe" sikulakwa, ndipo imene imati "ikachoka patebulo, ponyaninso" sikulakwanso.

Komabe ine ndili kumbali yoponyanso, ndipo chifukwa chake ndi mboni. Dayisi ikalowa kunsi kwa mpando, amene amaiona ndi mmodzi, kawirikawiri mwini wake yemweyo. Akhoza kukhala munthu woona mtima kwambiri, koma pokoka mpando waigunda, kapena poitulutsa ndi chala yatembenuka. Akanena kuti ndi 2 aliyense amakhulupirira. Akanena kuti ndi 6, kukayikira kumalowa m'nyumba, ndipo iye sangathe kudziyeretsa. Lamulo loponyanso limateteza munthu woona mtimayo kuposa wina aliyense.

Pa mipikisano ya backgammon, masewera a anthu awiri amene amakondedwa kwambiri ku Turkey, ku Greece ndi ku Iran, nkhaniyi anaithetsa kalekale. Wosewera amaponya madayisi ake awiri mbali ya bolodi imene ili kudzanja lake lamanja. Imodzi ikangolumphira mbali inayo kapena kutuluka kunja, amaponyanso onse awiri, ngakhale inayo itaima bwinobwino ndi nambala imene amailakalaka. Palibe kufunsana, palibe kuyang'ana kaye kuti yakunjayo yaonetsa chiyani. Khalidwe limeneli ndi loyenera kutengera: dayisi ikagwa, itoleni osaiwerenga. Mukaiwerenga mungodzipweteka mtima ndi sikisi imene si yanu.

Yaima mopendekeka, mbali ina yatsamira pabolodi. Tiwerenge iti?

Apa ndiye pamene pamatuluka mawu ambiri, makamaka kwa ife amene timasewerera pamphasa kapena pamkeka. Bango ndi bango pamakhala kampata, ndipo dayisi yaing'ono imakonda kukhazika ngodya yake m'menemo. Wokhala kumpoto akuona 6 pamwamba, wokhala kummwera akuona 3, ndipo onse awiri akunena zoona malinga ndi pamene akhala.

Ndikukumbukira usiku wina magetsi atazima, tikusewera ludo pakhonde ndi kandulo. Msuweni wanga anali ndi mwana mmodzi yekha wotsala, ndipo ankafuna 4 kuti alowe m'nyumba. Dayisi inagubuduka n'kukatsamira m'mphepete mwa katoni ya bolodi, theka pamwamba, theka pamphasa. Tonse tinawerama, mitu kugundana, wina kusendeza kandulo mpaka phula kudonthera pabolodi. Iye ankaloza 4, mchemwali wanga ankaloza 1. Azakhali, amene sankasewera n'komwe, anangoti, "Inu, mukanakhala kuti mukufuna 1, bwenzi mukuona 1." Anatola dayisi n'kuiika m'dzanja la msuweniyo. Tinaseka, iye anaponyanso, koma anakhala chete mpaka gemu kutha. Mawa lake tisanayambe tinatenga chivindikiro cha bokosi la nsapato n'kunena kuti dayisi iziponyedwa m'menemo, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani yopendekeka sinabwerenso.

Osewera ena, makamaka a masewera ankhondo a tizidole amene amaponya madayisi ambiri nthawi imodzi, ali ndi muyeso wawo. Amatenga dayisi ina n'kuisanjika pamwamba pa yokayikitsayo. Ikakhazikika, nambala iwerengedwe. Ikatsetsereka, ponyaninso. Ndi njira yabwino poti imachotsa maso a anthu pa chigamulo. Koma njira yosavuta koposa ndi yoti dayisi imene sinakhale ndi mbali yake yonse pansi siinaime, basi. Ndipo mupeze poponyera posalala, pokhala ndi mpanda: chivindikiro cha bokosi, thileyi, ngakhale mbale yaikulu yafulati.

Kodi munthu angathedi kuilamula dayisi ndi dzanja? Kapu ndi yofunika?

Angathe, ngati mumulola kuponya mmene akufunira. Njira yodziwika kwambiri ndi yotsetsereketsa. Munthu amaika 6 pamwamba, n'kuikankha dayisi motsatira tebulo kuti izungulire ngati nguli koma osagubuduka. Ina ndi yongoigwetsa kuchokera pafupi kwambiri, mwina utali wa chala chimodzi. Pa madayisi awiri pali ina yowagubuduza pamodzi ngati mateyala pa chinthu chofewa, kuti manambala a m'mbali asatuluke. Asilikali a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankaberana ndalama mwa njira imeneyi poponyera pabulangete, ndipo katswiri wa matsenga a m'manja John Scarne anagwira ntchito yowachenjeza za chinyengo chotere.

N'chifukwa chake m'nyumba za juga za ku Las Vegas, pa masewera otchedwa craps, woponya amagwira madayisi ndi dzanja limodzi lokha, saloledwa kuwachotsa pamwamba pa tebulo pomwe onse akuwaona, ndipo ayenera kuwaponya mpaka akagunde khoma la kumapeto kwa tebulolo. Khomalo analikuta ndi labala ya timisongamisonga kuti dayisi ikagunda ibwerere mosadziwika. Vutoli ndi lakale kwambiri. Aroma anali ndi kansanja koponyeramo madayisi: umawaika pamwamba, amagubuduka pa timasitepe ta m'kati n'kutulukira pansi, dzanja osawakhudza. Kamodzi ka mtundu umenewu, kachitsulo, ka m'zaka za m'ma 300, kanapezeka pafupi ndi Vettweiss ku Germany ndipo kakusungidwa mumzinda wa Bonn. Makapu a backgammon a pa mpikisano amakhala ndi kamlomo m'kati kuti dayisi ipunthwe potuluka.

Kunyumba sitifunika zonsezi. Kapu ya pulasitiki kapena kachitini n'kokwanira. Khutchumulani kawiri kapena katatu kuti onse amve kulira kwake, kenako khuthulani dayisi igubuduke. Chala chisatseke kukamwa kwa kapu, chifukwa pali ena amapanikiza dayisi ndi chala pamlomo wa kapu, kulira kumene mukumva kuli kwa chikhadabo. Palinso amene amavundikira kapu pansi n'kuitukula pang'onopang'ono, akusuzumira okha kaye. Zimenezo ayi. Ngati mwagwirizana zovundikira, kapu itukulidwe kamodzi, molunjika m'mwamba, onse akuona. Ngati mulibe kapu, lamulo likhale loti dayisi igubuduke ndithu. Imene yangotsetsereka iponyedwenso, ndipo wouzidwayo asakwiye. Kumuuza munthu kuti aponyenso si kumutcha wakuba.

Ndani ayenera kutola dayisi, ndipo liti?

Musaitole msanga. Ili ndi khalidwe limene anthu ambiri abwino amalakwitsa osadziwa. Waponya, waona 5, watola dayisi, wayamba kuyenda, pamene mnzako anali kumwa tiyi ndipo sanaone chilichonse. Isiyeni pomwe yaima, tchulani nambala mokweza, yendani mukuwerenga mabokosi poyera, ndipo wotsatira ndi amene aitole. Pa backgammon, pamene aliyense ali ndi madayisi ake, kutola madayisi ndiye chizindikiro choti wamaliza kuyenda. Asanawatole akhoza kusintha maganizo, akawatola zatha. Ndi dongosolo labwino chifukwa nambala imakhala poonekera nthawi yonse imene munthu akuyenda.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi kuponya mnzako asanamalize. Kuwonjezera pa kukhala mwano, kumasokoneza masewera, chifukwa iye akaona nambala yako asanasankhe mwana woti ayendetse, wadziwa kale koti athawire. Pa Monopoly kufulumira kumeneku kumakhudzanso ndalama za m'masewera. Malamulo ake akale amati mwini malo akaiwala kuitanitsa lendi mpaka wosewera wachiwiri wotsatira ataponya, lendiyo yapita. Ndiye mumapeza anthu akulandirana madayisi mothamanga kuti mwini nyumba asazindikire. Malamulo amalola, koma pa masewera a pabanja ine ndimakonda kuti woponya afunse kaye kuti, "Mwamaliza?"

Kukhutchumula kwa mphindi yathunthu nakonso kumatopetsa. Anthu anayi akudikira.

Kwathu sikisi zitatu zotsatizana zimapsa. Kwa anzathu sizipsa. Olondola ndani?

Onse. Ludo inachokera ku masewera akale a ku India otchedwa pachisi, ndipo Angelezi anaipeputsa n'kuyamba kuigulitsa m'zaka za m'ma 1890. Kuchokera pamenepo yayenda m'mayiko ambiri, ndipo kulikonse kumene yafika yatola malamulo atsopano. Zoti umatuluka ndi 6 komanso kuti 6 imakupatsa mwayi woponyanso n'zofala pafupifupi kulikonse. Koma zoti sikisi yachitatu imapsa, zoti ana awiri akakhala bokosi limodzi amatseka njira, zoti ukadya mnzako umaponyanso, zoti sulowa m'nyumba usanadyeko munthu, zimenezi zimasiyana.

Lamulo la sikisi zitatu lili ndi nzeru yake. Mwayi woti kuponya katatu kutulutse sikisi zokhazokha ndi 1 pa 216, choncho sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika munthu mmodzi amathawa patali kwambiri ena akungoonerera. Lamuloli limamubweza, ndiponso limafooketsa amene ali ndi luso lotsetsereketsa lija. Monopoly ili ndi lofanana nalo lolembedwa: ukaponya madayisi awiri ofanana katatu motsatizana, umapita kundende.

Chofunika kugwirizana n'chakuti kupsako kukutanthauza chiyani. Kwina sikisi yachitatu yokha ndi imene imatayika. Kwina zonse zitatu zimafafanizidwa ndipo ana amabwerera pamene anali. Ngati muli mbali yachiwiriyi, musayende mpaka mutamaliza kuponya konse, chifukwa kubweza ana atadya kale munthu ndi mlandu wosatha. Mukapita kwa eni, funsani musanakhale pansi, ndipo tsatirani za pakhomopo. Mlendo amene amayamba ndi mawu oti "kwathu sititero" gemu ili pakati amaziziritsa nyumba yonse. Eni khomo nawonso ali ndi udindo wonena malamulo awo onse poyamba, osati kumawatulutsa limodzilimodzi m'thumba pamene mlendo wayamba kutsogola.

Ndaponya kakhumi sikisi osabwera. Dayisi imeneyi siyokondera?

Mwina ayi. Mtima umatiuza kuti popeza mbali zilipo 6, ndiye kuti pa kuponya 6 sikisi iyenera kuonekako. Masamu akuti pa anthu atatu alionse amene aponya ka 6, pafupifupi mmodzi saona sikisi ngakhale imodzi. Pa kuponya ka 12, munthu mmodzi mwa 9 amakhala adakali m'khola. Ndipo mukakhala anayi, mwayi woti mmodzi wa inu adikire maulendo 12 asanatuluke ndi pafupifupi 38 pa 100, kutanthauza kuti pa magemu atatu alionse yembekezani kuti imodzi mudzakhala munthu wodandaula chonchi. Dayisi sikumbukira. Siidziwa kuti yakumanani kakhumi, ndipo ilibe ngongole yoti ikubwezereni. Kuponya kwa 11 mwayi wa sikisi ndi womwe uja, 1 pa 6.

Izi sizikutanthauza kuti madayisi onse ndi angwiro. Mu 1894 wasayansi wa ku England, Weldon, anaponya madayisi 12 maulendo 26,306 n'kumalemba zotsatira. Anapeza kuti 5 ndi 6 zinkatuluka pafupifupi 33.8 pa 100, m'malo mwa 33.3 imene masamu amayembekezera. Anthu ambiri amafotokoza kuti madontho a dayisi wamba ndi timaenje tokumba, ndiye mbali ya madontho ambiri imapepukirako n'kumakonda kukhala pamwamba. Koma taonani kuchepa kwa kusiyanako: panafunika kuponya masauzande kuti kuoneke. Usiku umodzi wa ludo simungakuone. M'nyumba za juga, kumene kusiyana kochepa chotero ndi ndalama, madayisi amakhala oonekera m'kati ngati galasi, a ngodya zakuthwa, okhala ndi nambala yawoyawo, ndipo timaenje ta madontho amatidzaza ndi zinthu zolemera mofanana ndi dayisi yomweyo.

Ngati mukukayikira, itembenuzeni m'manja. Mbali zoyang'anana kumbuyo ziyenera kupanga 7: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Akathyali amapezerapo mwayi poti diso limaona mbali zitatu zokha nthawi imodzi, ndiye dayisi ikhoza kukhala ndi sikisi ziwiri, ina kuseri kwa inzake, anthu osazindikira. Onaninso ngati ngodya ina yabenthuka kapena yaperepeseka. Koma chitetezo chachikulu n'chapafupi: onse aziponya dayisi imodzi. Ikakhala yokondera, ikondera onse mofanana. Wofuna kusintha dayisi anene gemu isanayambe kapena itatha, ndipo yatsopanoyo ikhale ya onse.

Kuiuzira mpweya, kuipsompsona, kuitana nambala mofuula: n'zololedwa?

Kuitana nambala ndi mbali ya chisangalalo, ndipo ludo yopanda phokoso ine sindiifuna. Munthu akamakhutchumula kapu uku akuti "Bwera sikisi, bwera mwana wa amayi," palibe chimene walakwa, ndipo dayisi siimva. Kuuzira mpweya ndi kupsompsona n'kumene ndimakana, chifukwa dayisi yomweyo ipita m'manja mwa ena, ndipo ana amaika zala kukamwa. Chimodzimodzi kuponya ndi manja a mafuta a chipisi kapena a mango.

Pa Dungeons & Dragons, masewera ofotokozerana nthano amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, nkhaniyi ili ndi mwambo wakewake. Kumeneko wosewera aliyense amakhala ndi madayisi ake a mitundumitundu: a mbali 4, 6, 8, 10, 12 ndi 20. Anthu amawakonda ngati ziweto. Dayisi ikawakhumudwitsa kangapo amaiika pambali n'kunena kuti yalowa m'ndende, ndipo kugwira madayisi a mnzako osapempha ndi kulakwa kwakukulu. Ku craps nakonso osewera amadana ndi munthu wotchula nambala 7 mokweza gemu ili pakati. Simufunika kukhulupirira zimenezi kuti muzilemekeze. Pemphani musanagwire, monga mmene mumachitira ndi foni ya munthu. Malire ake ndi pamene chikhulupiriro cha wina chayamba kusintha masewera, monga kunena kuti aponyenso chifukwa wina anamuyankhulitsa kapena anamutsekera mwayi podutsa kumbuyo kwake.

Ndipo mukadya mwana wa mnzanu amene anatsala pang'ono kulowa m'nyumba, sangalalani ndithu, koma mwachidule. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo pa ludo mawa lake limafika pasanathe mphindi zisanu.

Mwana wamng'ono akulira chifukwa sakutuluka. N'kulakwa kumubera mwayi pang'ono?

Funso limeneli limandikhudza chifukwa ndinalakwitsapo. Ndinkasewera njoka ndi makwerero ndi ana awiri a mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 5 ndi mchimwene wake wa zaka 9. Wamng'onoyo anali atalumidwa ndi njoka kawiri, milomo ikunjenjemera. Anaponya 3, ndipo nditawerenga mwachangu ndinaona kuti ikumufikitsa pamutu pa njoka yaitali ija ya pamwamba. Ndinaphimba dayisi ndi dzanja n'kunena kuti ndi 4. Mtsikanayo anadumpha njoka akusekerera. Mnyamatayo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati motsitsa mawu, "Malume, inali 3." Sanakwiye. Patapita maulendo awiri, iye anaponya nambala yomugwetsera pa njoka, ndipo ndinaona kadzanja kake kakupita pa dayisi kukaiphimba, maso ali pa ine. Ndinalibe mawu omuletsera. Ndinaimitsa masewera, ndinawauza onse awiri kuti ndinanama, ndipo ndinapepesa.

Mwana akhoza kuthandizidwa, koma poyera. Nenani musanayambe kuti wamng'ono aziponya katatu pofuna sikisi yotulukira, kapena ayambe ali ndi mwana mmodzi kunja, kapena akhale ndi mwayi umodzi wokana njoka pa gemu yonse. Ana okulirapo amavomera zimenezi mosavuta, ndipo amanyadira kuti iwo akusewera malamulo a akuluakulu. Chimene chimawapweteka ndi kuona wamkulu akunamiza dayisi.

Osewera Dungeons & Dragons amakangana za nkhani yofanana ndi imeneyi mpaka lero. Wotsogolera nthano amaloledwa kuponya madayisi ake kuseri kwa chotchinga, ndipo ena amasintha nambala mwakachetechete kuti munthu wa m'nthano asafe msanga. Ena amati n'chifundo ndipo nthano imakoma. Ena amati akangodziwa kuti zimachitika, kupambana kulikonse kumasuluka. Ine ndimaona kuti gulu likambirane tsiku loyamba ngati wotsogolera ali ndi ufulu umenewo. Akavomera onse, chakhala lamulo la nyumba ngati ena onse.

Makolo ena salola dayisi m'nyumba, amati ndi juga. Akulakwa?

Mantha awo ali ndi pochokera. Dayisi ndi juga zayenda limodzi kuyambira kale. M'nthano yaikulu ya ku India ya Mahabharata, mfumu Yudhishthira inaluza ufumu, abale ake ndi mkazi wake pa masewera a dayisi. Komanso si kuponya kulikonse kumene kuli juga. Atumwi anachita maere posankha wolowa m'malo mwa Yudasi, ndipo njoka ndi makwerero inayambira ku India ngati njira yophunzitsira ana za makhalidwe, makwerero akuimira zabwino, njoka zikuimira zoipa. Chimene chimasandutsa masewera kukhala juga ndi kubetcha. Pakangoikidwa ndalama, ngakhale yochepa, dayisi yopendekeka ija imasanduka mlandu weniweni, ndipo mwana amaphunzira kuti mwayi ndi njira yopezera ndalama. Pa tebulo la pabanja ndalama isafikepo. Ndipo ngati eni nyumba sakufuna dayisi pakhomo pawo, musailowetse mobisa. Bawo ilipo.

Dayisi yasowa gemu ili pakati. Titani?

Yambani mwayang'ana m'makwinya a chitenje cha amene wakhala pafupi ndi bolodi, chifukwa nthawi zambiri imakhala m'menemo. Ikapanda kupezeka, njira zilipo. Foni zambiri zikhoza kuponya dayisi ya pa sikirini, ndipo imeneyo ndi yabwino bola foniyo ikhale pakati, aliyense azidina yekha onse akuona. Dayisi yosema pamtengo, pasopo kapena pa labala yofufutira ndi yokoma kupanga ndi ana, koma mbali zake sizifanana ndipo imakhala ndi nambala imene imaikonda, choncho ikhale ya onse ndipo mugwirizane kuti mwailandira ndi chilema chakecho. Amwenye akale pa pachisi sankagwiritsa n'komwe dayisi ya mbali 6. Ankaponya tizigoba ta m'nyanja n'kuwerenga timene tagwa chagada.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya zitsekerero za mabotolo. Tengani 6 za mtundu umodzi, zosapindika, lembani 1 mpaka 6 m'kati mwake, ziikeni m'chipewa kapena m'kathumba kosaonekera. Wosewera apise dzanja akuyang'ana kumbali, atulutse chimodzi, aonetse onse. Kenako achibwezere m'thumba ndi kukhutchumula wotsatira asanapise. Anthu amaiwala kubwezerako, ndipo akaiwala, sikisi imatsala m'dzanja la munthu mmodzi pamene ena akuisakasaka m'thumba mmene mulibe.